Fumbi lomwe lidakwirira Amalawi ku Hwange

M'midzi ya ku Mchinji, monganso m'maboma ena, agogo amakumbukabe amuna omwe adapita kukasaka ntchito ku Rhodesia koma osabwerako. Ena adangotchona, pomwe ena adatsalira pansi pa nthaka.

Pa 6 June 1972, mgodi wa malasha wa Wankie Nambala 2, komwe lero ndi ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, udaphulika n'kupha anthu 427. Mwa iwo, 37 adali Amalawi. Mitembo yambiri siidatulutsidwe. Mgodiwo adangoutseka n'kukhala manda awo, ndipo chaka chilichonse anthu amasonkhana pa Kamandama kuwakumbukira.

Chidayamba kuphulika ndi mpweya wa methane, koma chidamaliza anthu ndi fumbi la malasha. Fumbili likangokhala pansi silioneka loopsa. Kuphulika koyamba kumaliwulutsa, kenako limayaka nthawi imodzi. Mphepo ya motowo imadzutsa fumbi lina kutsogolo, moto n'kumathamanga mgodi wonse. Opulumuka kumoto amafa ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide.

N'chifukwa chake m'migodi amathira madzi, kuwaza fumbi la miyala ya laimu lomwe siliyaka, komanso kulowetsa mphepo yokwanira.

Nkhaniyi si ya kutali ayi. Kuno kwathu malasha amakumbidwa ku Rumphi, ndipo achinyamata amapitabe kukagwira ntchito m'migodi ya kunja. Ngakhale fumbi la ufa m'chigayo likachuluka m'mwamba n'kukumana ndi moto, limatha kuphulika. Kusesa ndi kuletsa fodya m'chigayo kungapulumutse moyo.