Mlandu Wopeka Umene Anthu 78 Miliyoni Anadikira Mapeto Ake

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu

 Lero ndifuna kukufotokozerani za sewero lina la ku America, dzina lake The Fugitive, ndiko kunena kuti Munthu Wothawa. Sewero limeneli linkaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya ABC kamodzi pa mlungu, kuyambira mwezi wa September 1963 kufikira August 1967, ndipo zigawo zake zonse zinakwana 120. Chimene tifuna kumvetsa ndi ichi: kodi chinawagwira mtima anthu n'chiyani kuti adikire zaka zinai mapeto a mlandu umene aliyense ankadziwa kuti ngwopeka?

Tiyambe ndi nkhani yake. Dotolo wina wa ana, Richard Kimble, anakangana ndi mkazi wake Helen usiku wina, natuluka m'nyumba atakwiya. Pobwera anaona munthu wa mkono umodzi alikuthawa kuchokera kunyumba kwake, ndipo polowa anapeza mkazi uja atafa. Anthu oyandikana nawo anali atamva mkangano, koma panalibe amene anabwera kudzanena kuti anamuona wa mkono umodziyo. Tsono bwalo linampeza dotolo wolakwa, nilimgamulira chilango cha imfa. Ali pa ulendo wopita kundende, sitima ya pamtunda inagwa m'njanji, iye n'kuthawa. Kuyambira pamenepo anayendayenda dziko lonse, tsitsi atalidetsa ndi mankhwala, dzina alikusintha, nagwira maganyu m'minda, m'masitolo ndi poyendetsa magalimoto. Iye ankafunafuna wa mkono umodzi, pamene wapolisi Philip Gerard, amene dotoloyo anampulumuka m'manja, ankafunafuna iyeyo.

Onani tsono nzeru ya Roy Huggins, amene anapeka nkhaniyi. Oonera anauzidwa kuyambira pa chiyambi kuti dotolo alibe mlandu, koma apolisi a m'seweromo sankadziwa. Motero munthu aliyense wokhala pa mpando kunyumba kwake anasanduka ngati mboni yodziwa zoona koma yosatha kulankhula pa bwalo. Chinanso, Kimble sankatha kupitirira munthu wodwala kapena wobvulala. Akangoyamba kumthandiza, anthu ankazindikira kuti waganyu uyu ngwophunzira za mankhwala, ndipo mbiri inkafika kwa apolisi. Ubwino wake womwe ndiwo unkamuika m'mabvuto mlungu ndi mlungu.

Mkwiyo wa oonera unagwera Gerard. Barry Morse, amene ankasewera ngati wapolisiyo, anasimba pambuyo pake kuti anthu, makamaka amai achikulire, ankamdzudzula pa mseu chifukwa chozunza dotolo wosalakwa, kuiwala kuti iye anali pa nchito ya sewero chabe. Komatu Gerard sanali munthu woipa. Maganizo ake anali akuti kuweruza ndi nchito ya bwalo, yake njogwira munthu amene bwalo lamutsutsa.

Pamene zinamveka kuti sewero lilikutha, pakuti David Janssen wosewera ngati dotolo anali atatopa nayo nchitoyo, mphekesera zinachuluka. Ena ankati amene anapha Helen ndi Gerard yemweyo, n'chifukwa chake salekeza kulondola dotolo. Ena ankakaika ngati wa mkono umodzi adzagwidwa konse. Masiku amenewo masewero ambiri ankangoleka osalongosola mathero, ndipo akulu ena a nchitoyi anaopa kuti anthu akadziwa mapeto sadzafunanso kuonera zigawo zakale zikamabwerezedwa, ndalama n'kuchepa. Koma ena anaumirira kuti si bwino kuwasiya m'malere anthu amene akhala okhulupirika zaka zinai. Mau amenewa ndiwo anapambana, ndipo mapeto anakonzedwa m'zigawo ziwiri, pa 22 ndi pa 29 August 1967.

Usiku wa Lachiwiri pa 29 August, anthu pafupifupi 78 miliyoni anakhala pansi kuonera, pa nthawi imene dziko lonse la America linali ndi anthu pafupifupi 200 miliyoni. Mwa nyumba 100 zirizonse zimene zinatsegula wailesi ya kanema ora limenelo, 72 zinkaonera sewero lomweli. Panalibe chigawo cha sewero lotere chimene chinaonedwapo ndi anthu ochuluka chomwecho, ndipo chiwerengerochi chinadzapitiriridwa mu November 1980 ndi sewero lina, Dallas, pamene anthu ankafuna kudziwa amene anaombera J. R. Ewing.

Nanga anaona chiyani? Gerard anamgwira dotolo ku Los Angeles, koma anabvomera kumpatsa maola 24 kuti ayese komaliza kupeza umboni kumudzi kwao. Kimble anakumana ndi wa mkono umodzi, Fred Johnson, pamwamba pa nsanja yaitali. Atalimbana, Johnson anaulula kuti anapha ndi iye, koma anamva ndi dotolo yekha, ndipo posakhalitsa Gerard anamuombera Johnson ndi mfuti pofuna kupulumutsa Kimble. Taonani bvuto lake: wopalamula wafa, mau ake wapita nao. Chimene chinamasula dotolo ndi mnansi wake, Lloyd Chandler. Munthu ameneyu anali m'nyumbamo usiku wa imfa ya Helen, anaona zonse, koma mantha anamgwira osamthandiza maiyo. Popeza ankatamandidwa kuti anali ngwazi ku nkhondo, anachita manyazi, nakhala chete zaka zonsezo mnzake alikusakidwa ngati nyama. Potsiriza anabvomera kukaima pa bwalo. Kimble anatuluka mfulu, ndipo panja pa bwalo anagwirana chanza ndi Gerard.

Palinso chifukwa china chimene anthu a ku America anaitengera nkhaniyi pamtima. Mu 1954, pafupi ndi mzinda wa Cleveland ku Ohio, dotolo weniweni, Sam Sheppard, anamangidwa pa mlandu wopha mkazi wake, ngakhale iye ankati anapha ndi munthu wina amene analowa m'nyumba usiku. Anakhala m'ndende zaka pafupifupi khumi. Mu 1966 Bwalo Lalikulu la dziko lonselo linagamula kuti mlandu wake sunazengedwe mwa chilungamo, chifukwa manyuzipepala anali atamuweruziratu ndi kusokoneza bwalo. Atauzenganso chaka chomwecho, anampeza wosalakwa. Huggins anakana kuti anatengera sewero lake pa mlandu umenewu, komabe oonera ambiri ankaziika nkhani ziwirizi pamodzi, ndipo ankadziwa kuti bwalo lenileni likhoza kulakwa.

Tsono yankho la funso lathu lija ndi ili. Anthu anali atadziwa kale kuti dotolo ngwosalakwa. Chimene ankadikira ndi kuti zimenezo zinenedwe poyera, pa bwalo, pamaso pa amene anamtsutsa. Makolo athu anati mlandu suola, ndipo mtima wa munthu, wa dziko lirilonse, sukhazikika mlandu ukatsala panjira.

Inu mafumu ndi anyakwawa mudziwa bwino za milandu koposa ine. M'nkhani imeneyi zinthu ziwiri zinaononga munthu wosalakwa: anansi amene anamva mkangano nafulumira kuganiza kuti adziwa zonse, ndi mboni imodzi imene inaona ndi maso koma inatseka pakamwa. Mlandu ukadzafika pa bwalo panu, anthu onse alikuloza munthu mmodzi, mudzachita bwino kufunsa kaye ngati palibe wina amene anaona kanthu koma alikuopa kunena, ndi kumpatsa mpata wolankhula popanda kumnyoza.

Kwa lero ndilekeze pomwepa. Tsalani bwino nonse.