Inshuwaransi ya magulu ophunzitsa kukonza njinga: ndani amalipira ngozi ikachitika?

Inshuwaransi ya mlandu wa ngozi ndi mgwirizano umene kampani imalonjeza kulipira chipukuta misozi m'malo mwa munthu kapena gulu lomwe lavulaza wina, kapena lamuwonongera katundu, chifukwa chosasamala. M'maofesi a makampaniwa imatchedwa public liability. Mwini inshuwaransiyo akavulala yekha siimuthandiza, pakuti ntchito yake ndi kuyankha mlandu wobwera ndi anthu ena. Nkhaniyi imakhudza anthu odzipereka kuphunzitsa anzawo kukonza njinga popanda malipiro, makamaka m'madera onga Nathenje ndi Mitundu, kumwera kwa boma la Lilongwe, kumene njinga ndiyo galimoto ya pabanja.

Njinga ndi maphunziro ake

Nathenje ili pa msewu wa M1 wochoka ku Lilongwe kulowera ku Dedza, pomwe Mitundu ili kufupi ndi sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya Bunda. M'madera onsewa njinga yakapalasa imanyamula matumba a chimanga ndi mtedza, imapititsa odwala ku chipatala, ndipo anyamata a kabaza amadyetsa mabanja awo ndi keliyala. Njinga za mtundu wa Buffalo, zimene zinabwera ndi bungwe la World Bicycle Relief lokhazikitsidwa mu 2005, zili ndi keliyala yonyamula makilogalamu 100, ndipo bungweli limaphunzitsanso amakanika m'madera omwe lagawa njingazi.

Njinga yonyamula katundu wotere pamsewu wafumbi siichedwa kufuna makanika. N'chifukwa chake luso lomata chubu, lowongola rimu, lomanga masipoko ndi lokonza mabuleki lili ndi msika. Gulu la achinyamata, mpingo, kalabu ya pasukulu kapena komiti ya kabaza ingathe kupempha makanika wodziwa ntchito kuti aphunzitse ena kwaulere, pansi pa mtengo kapena pakhonde la tchalitchi. Ndi ntchito yotamandika, koma ili ndi ngozi zake.

Kumene mlandu umachokera

Ngozi zina zimachitika pamalo ophunzirira pomwepo. Sipanala ikapulumuka imang'amba dzanja, tcheni chimapana chala cha mwana amene akuzunguza pedulo, chubu chopopedwa mopitirira muyeso chimaphulika kumaso, ndipo guluu womatira zigamba amayaka msanga akayandikira moto. Wovulala angakhale wophunzira, kapena munthu wongoonerera.

Ngozi zazikulu zimabwera phunziro litatha. Njinga zambiri zakumudzi zili ndi mabuleki a tizitsulo, amene kamphira kake kamagwiridwa ndi nati imodzi yokha. Wophunzira akasintha kamphirako n'kuiwala kumanga natiyo, njinga imaoneka yabwinobwino ikaima. Mawa lake mwini wake, atakweza mayi ndi mwana kumsana, amafika pamtsetse, n'kukoka buleki, kamphira n'kugwa. Kotapini yokhomedwa mosalimba nayonso imagwedeza pedulo mpaka wokwera kugwa. Zikatero funso limabwerera kwa amene anaphunzitsa ndi kulola njingayo kuchoka.

Malamulo a Malawi pa nkhani ya kusasamala anachokera ku malamulo a ku Britain. Maziko ake ndi mlandu wa Donoghue ndi Stevenson wa mu 1932, wa mayi wa ku Scotland amene anadwala atamwa chakumwa cha m'botolo momwe akuti munali nkhono yowola. Khoti lalikulu la ku Britain linagamula kuti munthu ayenera kusamala kuti zochita zake zisapweteke amene akudziwa kuti zingawakhudze, ngakhale palibe mgwirizano wa malonda pakati pawo. Wosuma mlandu wotere amayenera kuonetsa zinthu zinayi: kuti wosumidwayo anali ndi udindo wosamala, kuti sanasamale monga munthu wanzeru akanachitira, kuti kusasamalako ndi kumene kunadzetsa ngozi, ndiponso kuti iye anavulaladi kapena kutaya katundu.

Pa zinayizi palibe yofunsa ngati mphunzitsi ankalandira malipiro. Kudzipereka sikuchotsa udindo. Khoti lingachepetse chipukuta misozi likapeza kuti wovulalayo anali ndi mbali yake, monga kukweza katundu wopyola muyeso, koma mlandu sufa chifukwa ntchitoyo inali yaulere. Lamulo limapatsanso wovulala zaka zitatu zoti akasume, choncho mlandu ungabwere gulu litaiwala kale za tsikulo.

Kakhazikitsidwe ka gulu nakonso n'kofunika. Gulu losalembetsedwa silidziwika pamaso pa lamulo ngati munthu payekha, ndiye wosumidwa amakhala mphunzitsi, wapampando kapena mamembala a komiti m'mayina awo. Akaluza, ndalama zimachoka m'thumba mwawo, ndipo mbuzi kapena mbewu zawo zingagulitsidwe. Gulu lolembetsedwa pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act limatha kusuma, kusumidwa ndi kusaina mgwirizano m'dzina lake.

Zimene inshuwaransi imalipira

Gulu limalipira kampani ndalama yogwirizana, kawirikawiri kamodzi pachaka. Mlandu ukabwera, kampani imalipira chipukuta misozi cha wovulala, katundu wowonongeka ndi ndalama za maloya, mpaka pa malire olembedwa mumgwirizano. Zoposa malirewo zimatsalira gulu. Nthawi zambiri pamakhalanso ndalama yoyamba imene gulu limalipira lokha pa mlandu uliwonse. Mtengo wa pachaka umatengera kuchuluka kwa ophunzira, misinkhu yawo, malo ophunzirira ndi zida zogwiritsa ntchito. Gulu lowotcherera zitsulo limalipira zambiri kuposa lomata machubu okha.

Gawo loyenera kuwerengedwa mofatsa ndi la zinthu zimene kampani siidzalipira. Migwirizano yambiri yamtunduwu imathera pa ngozi za pamalo a ntchito, ndipo siikhudza ngozi yochokera ku njinga imene yakonzedwa n'kuchoka, pokhapokha gawolo litawonjezedwa mwapadera. Gulu lokonza njinga likasowa gawo limeneli ndiye kuti lasiya panja ngozi yake yaikulu. Katundu wa anthu ena amene ali m'manja mwa gulu, monga njinga yogona pamalopo n'kubedwa, nayenso nthawi zambiri salipiridwa. Mlandu wochokera ku malangizo olakwika umafuna inshuwaransi ina ya akatswiri. Kuvulaza munthu mwadala palibe kampani imene imalipira.

Pali zinthu ziwiri zimene zimataitsa ndalama ngakhale inshuwaransi ilipo. Choyamba ndi kubisa zoona polembetsa, monga kusanena kuti ena mwa ophunzira ndi ana a pulayimale. Chachiwiri ndi kuvomera mlandu kapena kulonjeza malipiro kampani isanadziwe. Mwambo wakumudzi umafuna kuti wolakwa apite kukapepesa msanga, ndipo kuzonda wodwala n'koyenera, koma lonjezo la ndalama liyenera kudikira kampani, imene imafuna kuuzidwa za ngozi mwachangu komanso polemba.

Kusiyana kwake ndi inshuwaransi zina

Lamulo la zapamsewu la 1997 limakakamiza mwini galimoto ndi njinga yamoto kukhala ndi inshuwaransi yolipira anthu ena akawavulaza. Njinga yakapalasa mulibemo, ndipo palibe lamulo lokakamiza gulu lophunzitsa kukonza njinga kugula inshuwaransi. Lamulo la chipukuta misozi cha anthu apantchito la 2000 limayang'ana ubale wa wolemba ntchito ndi wolembedwa, choncho munthu wodzipereka asalidalire. Mphunzitsi wofuna thandizo akavulala yekha amafunika inshuwaransi ya ngozi ya munthu payekha, imene imalipira osafunsa kuti wolakwa ndani.

Kumene ingapezeke

Makampani ogulitsa inshuwaransi ya katundu ndi ngozi m'dziko muno ndi monga NICO General, Britam, General Alliance, Reunion ndi Prime, ndipo amapezeka mumzinda wa Lilongwe. Onse amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, udindo umene lamulo la 2010 linaupereka kwa gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Ofesi imeneyi ndiyo imapereka ziphaso kwa makampani ndi owayimira, komanso imalandira madandaulo kampani ikakana kulipira popanda chifukwa chomveka. Wogula ayenera kuona chiphaso cha wogulitsa, kulandira risiti ndi kusunga chikalata cha mgwirizano.

Gulu laling'ono silingakwanitse kawirikawiri kugula palokha, ndipo njira yotsika mtengo ndi kulowa pansi pa bungwe lalikulu. Ku Britain, bungwe la Cycling UK, lomwe linayamba mu 1878, limapereka inshuwaransi kwa magulu ang'onoang'ono olembetsa pansi pake. Kuno, gulu lochita maphunziro m'dzina la mpingo, sukulu kapena bungwe lomwe lapereka njinga ndi zida liyenera kufunsa ngati bungwelo lili ndi inshuwaransi, ngati odzipereka alembedwamo, komanso ngati maphunziro a njinga atchulidwa. Yankho lake likhale lolembedwa.

Gulu lopanda inshuwaransi

Milandu yambiri yakumudzi imathera pabwalo la amfumu, kumene wolakwa amalamulidwa kulipira ndalama za chipatala kapena kupereka chiweto. Thumba la zadzidzidzi, longa la m'magulu a banki m'khonde, lingakwanitse zoterezi, koma silingafike pa chipukuta misozi cha munthu wolumala kapena womwalira. Chikalata chosainitsa ophunzira kuti gulu silidzayankha mlandu chimathandiza kuonetsa kuti anachenjezedwa, koma sichimanga munthu wapamsewu amene sanasaine, ndipo makhoti sathamangira kuchilola kuti chibise kusasamala.

Chitetezo chimene gulu lililonse lingakwanitse ndi dongosolo. Pakhale kaundula wa ophunzira ndi chilolezo cha makolo kwa ana osafika zaka 18. Mphunzitsi asakhale ndi ophunzira oposa amene angawaone onse nthawi imodzi. Pamalopo pakhale bokosi la chithandizo choyamba, ndipo guluu asungidwe kutali ndi moto. Njinga iliyonse isanachoke, makanika wamkulu ayese yekha mabuleki onse awiri, manati a mawilo, handulo ndi chishalo, kenako alembe m'buku tsiku, mwini njinga ndi ntchito yomwe yagwiridwa. Njinga ya felemu kapena foloko yosweka ikanidwe, ndipo mwini wake auzidwe chifukwa.

Buku limeneli ndi limene kampani imafuna kuona polandira gulu, ndipo ndi umboni umene amfumu kapena khoti angadalire pofufuza ngati gulu linasamala. Inshuwaransi imateteza chuma cha odzipereka mlandu ukabwera, koma imagwira ntchito pokhapokha gulu litalembetsedwa bwino, litanena zoona kwa kampani, ndipo mgwirizano wake ukukhudza njinga zimene zakonzedwa n'kubwerera pamsewu.