Khasu ndi Lomwelo: Nchito Yomanga Munthu ndi Nchito Yomuphwanya

Abale ndi alongo otsogolera makalasi, mvula ikagwa mipando imatsala yokha, cifukwa ophunzira ali kumunda. Ena a ife timapsa mtima nkumati, "Phunzirani kuti musiyane nalo khasu." Mau amenewa ngoopsa. Amauza munthu kuti nchito imene ikudyetsa ana ake ndi cilango. Tiyeni tsono tione kuti nchito nciani pa moyo wa munthu.

Funsoli ndi lakale. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anamwalira m'caka ca 322 Yesu asanabadwe, anaphunzitsa kuti munthu amakhala bwino pamene akugwiritsa nchito bwino mphamvu zimene ali nazo, makamaka nzeru. Apo ananena zoona. Koma anatinso nchito ya manja imacepsa munthu, ndipo njoyenera akapolo ndi aganyu. Apo ndiye anaphonya. Mai woumba mbiya amadziwa dothi, amadziwa moto, amadziwa tsiku lophula. Kodi imeneyo si nzeru?

Komabe si nchito iriyonse imene imamanga munthu, ndipo ife a ku Mozambique tikudziwa bwino. M'caka ca 1899 boma la Apwitikizi linaika lamulo lakuti munthu wakuda ali ndi udindo wogwira nchito, ndipo akapanda kuipeza yekha boma limkakamiza. Imeneyo ndiyo cibalo. Amuna ankagwidwa kukakonza miseu kapena kukalima minda ya azungu, kawirikawiri miyezi 6, pa malipiro ocepa zedi. Kuyambira 1938 mabanja ambiri anakakamizidwanso kulima thonje, nkumaligulitsa pa mtengo woikidwa ndi boma, uku munda wa cakudya ukumera thengo. Wolephera ankamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya. Malamulo amenewa anathetsedwa mu 1961, koma mabala ake anatsala m'mitima.

Tsopano taganizani za dima. Mwini munda amafulula thobwa kapena mowa, anzake nkubwera ndi makasu, amalima akuimba, mawa apita kwa wina. Khasu ndi lomwelo, dzuwa ndi lomwelo, thukuta ndi lomwelo. Nanga bwanji pa cibalo munthu ankabwerako wosweka mtima, koma pa dima amabwerako akuseka?

Kusiyana kuli pa zinthu zinai. Coyamba, pa dima munthu wapita yekha, palibe wamgwira. Caciwiri, zokolola zimalowa m'nkhokwe ya wolimayo ndi ya mnansi wake. Cacitatu, nchitoyo imamlumikiza ndi anzake, paja mutu umodzi susenza denga. Cacinai, ili ndi polekezera: dzuwa likapendeka anthu amakhala pansi nkupuma. Nchito yokhala ndi zinai izi imadyetsa mimba, imakulitsa luso, ndiponso imapatsa munthu dzina pamudzi. Ikasowa zimenezi, ngakhale ikhale ya mu ofesi, imamdya mwini wake pang'onopang'ono.

Nanga m'kalasi ticite ciani? Musanyoze khasu pofuna kukweza pensulo. Funsani ophunzira nchito zimene amazidziwa, ndipo mau oyamba kulemba acokere m'menemo: munda, mbeu, ukonde, nkhokwe. Masamu akhale a matumba a cimanga ndi mtengo wa mbatata, kuti wogula asawabere pa sikelo. Nyengo yopalira ikafika, panganani nawo nthawi ina yokumana, osati kuwadzudzula. Ngati m'kalasi muli agogo amene anaona cibalo kapena anamva kwa makolo ao, apatseni mpata afotokoze, ena alembe. Imeneyo ndi mbiri yathu, ndipo ikutha pamodzi ndi eni ake.

Kumbukiraninso kuti kuphunzira kuwerenga nakonso ndi nchito. Mukamakalipira mai wa zaka 50 pamaso pa anzake cifukwa wasokoneza zilembo, kalasi lanu lasanduka cibalo, ndipo sabata yamawa sadzabwera. Koma wodziwa akamathandiza wosadziwa, onse nkumaona phindu, kalasilo ndi dima.