Kunenerera Mtengo pa Okushoni ya pa Intaneti: Malire Ali Pati?

Ambirife tinakulira m'misika momwe munthu wolipira mtengo woyamba kutchulidwa amaoneka ngati mlendo. Pa kaunjika wogulitsa akati 5,000, iwe umayambira pa 2,000, n'kuyerekeza kuchoka kuti akuitane. Nonse awiri mumadziwa kuti ndi mmene malonda amayendera, ndipo palibe amene wanamizidwa. Ndi mtima umenewu umene ndinapita nawo pa eBay temu yatha, pamene ndinkafuna laputopu yogwiritsa ntchito kale yoti ndizikalembera maphunziro pa nthawi yokaphunzitsa moyeserera. Msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Leeds ndiye ankandigulira, ine ndikumutumizira malangizo pa WhatsApp. Malangizo anga oyamba anali akuti alembere wogulitsa kuti atsitse mtengo. Iye anandiyankha kuti, "Achimwene, kuno si ku Lizulu."

Ankanena zoona. Pamsika mtengo umayambira pamwamba n'kumatsika, ndipo nkhani ili pakati pa anthu awiri. Pa okushoni mtengo umayambira pansi n'kumakwera, monga zimakhalira ndi mabelo a fodya ku Kanengo kapena ku Limbe, ndipo pamakhala ogula ena amene nawonso akudikira. Pa eBay wogulitsa amaika katundu kwa masiku angapo, kawirikawiri 7. Wogula amalemba mtengo wokwera kwambiri umene angakwanitse, koma anzake sauona. Kompyuta ndiyo imamupikisanira, kumawonjezera pang'onopang'ono pokhapokha wina akamupitirira. Mukalemba mapaundi 120, amene akukutsatirani n'kulekera pa 90, mudzalipira 90 ndi kakang'ono pamwamba, osati 120. Choncho dongosololi linapangidwa kuti munthu asamavutike n'kubisa mtengo umene katunduyo ali nawo kwa iye.

Ndiye kodi kunenerera kumalowa pati? Pali khomo lovomerezeka. Kuyambira mu 2005, eBay ili ndi njira yotchedwa Best Offer, imene wogulitsa amaiyatsa yekha ngati akufuna kumva mitengo ya ogula. Akaiyatsa, ndiye kuti wakuitanani. Mutha kutchula mtengo wotsika, iye n'kuvomera, kukana, kapena kutchula wake. Ine sindiona tchimo lililonse pamenepa, ngakhale mutayambira pansi ndithu, chifukwa wogulitsa ali ndi ufulu wokana. Mwina mungomukwiyitsa basi.

Vuto limayamba ndi zimene timanena kuti mtengo utsike. Pamene msuweni wanga ankalemba uthenga, ine ndinamuuza kuti awonjezere zoti taona laputopu yomweyo kwina pa theka la mtengo. Sitinaione. Ndinkafunanso kuti anene kuti ndine mwana wamasiye, pamene makolo anga onse ali moyo ndipo ndi amene anandipatsa ndalamazo. Pamsika wa kwathu mawu otere mwina amadutsa ngati nthabwala chifukwa wogulitsa akukuonani nkhope ndipo akudziwa masewerawo. Mayi wa ku England amene akugulitsa laputopu ya mwana wake alibe njira yodziwira. Akatsitsa mtengo, watsitsa chifukwa wakhulupirira bodza, ndipo mapaundi 20 amene mwapulumutsawo mwawatenga m'thumba mwake. Lemba la Miyambo 20:14 limafotokoza za wogula wa mtundu womwewu, amene amanyoza katundu pamaso pa mwini wake, akachoka n'kukadzitama kwa anzake. Pamenepa n'zosiyana ndi kunena chilema chenicheni. Ngati pachithunzi pakuoneka mng'alu, kapena wogulitsa walemba yekha kuti batire silikhalitsa, kutchula zimenezo ndi kunenerera kwachilungamo.

Chinthu chachiwiri, chimene ineyo sindinkachidziwa, n'chakuti mtengo umene mwatchula pa okushoni ndi lonjezo. Malamulo a eBay amati mukapambana muyenera kulipira. Koma pali anthu amene amapambana dala pa mtengo wokwera, kenako n'kulembera wogulitsa kuti ndalama zaperewera, achotsereko. Taganizirani mmene wogulitsayo alili pa nthawi imeneyo. Okushoni yatha, ogula ena apita, ndipo kuti ayambenso ndiye kuti adikira sabata ina. Amavomera chifukwa wapanikizika. Komanso munthu amene analekera pa 90 uja, amene akanalipira mosavuta, wamanidwa katundu ndi munthu amene sankafuna n'komwe kulipira zimene analemba.

Pali njira ina imene imaoneka yaulemu kwambiri, ndipo ndi imene ndinavutika nayo kuiweruza. Mwaona katundu wabwino, okushoni yangoyamba, mtengo udakali pansi. Mukulembera wogulitsa kuti aithetse lero lomwe, mumupatsa mapaundi 60 pompopompo. Palibe bodza limene mwanena. Koma n'chifukwa chiyani mukufulumira? Nthawi zambiri n'chifukwa choti mukudziwa kuti ikafika tsiku lomaliza mtengo udzafika pa 100, ndipo mukuganiza kuti mwini wake sakudziwa. Ena anganene kuti kudziwa mitengo ndi phindu la amene wafufuza, ndipo ndikuvomereza kuti wogula alibe udindo wophunzitsa wogulitsa aliyense. Komabe okushoni inakhazikitsidwa kuti munthu wosadziwa mtengo wa katundu wake audziwe kudzera mwa ogula ambiri. Kumunyengerera kuti atulukemo ndi kumulanda chitetezo chokhacho chimene anali nacho. Ngati anthu ena atchula kale mitengo yawo, ndiye kuti nawonso mwawadutsa kuseri.

Zikafika poti mumalizitsane kunja kwa eBay, nkhani ndi yachidule. Kampaniyo imadula gawo la mtengo pa katundu wogulitsidwa, limene ku America limapitirira 10 peresenti pa zinthu zambiri, ndipo ena amagwirizana kuti alipirane pambali n'kugawana ndalamayo. Malamulo amene onse awiri anavomera polembetsa amaletsa zimenezi. Wogula amatayanso chitetezo chobwezeredwa ndalama katundu akapanda kufika, chimene kwa munthu wodikira phukusi ku Malawi si chinthu chaching'ono.

Nanga kudikira mpaka masekondi omaliza kuti mutchule mtengo, anzanu asapeze mpata woyankha? eBay imalola, ndipo sindiona cholakwika, popeza aliyense anali ndi masiku onse olembera mtengo wake wokwera. Chimene chimaletsedwa ndi chinyengo cha mbali ya wogulitsa, pamene atuma m'bale wake kuti azikweza mtengo popanda cholinga chogula.

Mbiri ya kampaniyi ili ndi kankhani kamene kamandisangalatsa. Pierre Omidyar atayambitsa tsambali mu 1995, chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsa chinali kachipangizo kolozera ka laser komwe kanali kowonongeka, ndipo kanagulidwa pa madola 14.83. Akuti iye analembera wogulayo kumufunsa ngati wamvetsa kuti kachipangizoko sikagwira ntchito, ngakhale kuti ndalama zinali zitatsala pang'ono kulowa m'thumba.

Laputopu ija sitinaipeze. Msuweni wanga anakana kulemba za umasiye, tinatchula mapaundi 85, ndipo wina anatipitirira kutatsala masekondi ochepa. Patapita masabata awiri tinapeza ina yokhala ndi Best Offer pa 110. Tinalemba kuti tili ndi 90 yokha, zomwe zinali zoona, ndi kuti kiyibodi yatha pa zilembo ziwiri, zomwe zinkaoneka pachithunzi. Wogulitsa anati 95. Msuweni wanga anawonjezera 5 yakeyo, ndipo mpaka lero amandikumbutsa ngongoleyo.