Wa chikulunga uja lero ndi dolo ku Kansas City

Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mtsikana akamenya mpira wachikulunga n'kudutsitsa pakati pa miyala iwiri, anzake amakuwa dzina limodzi: Temwa! Kale mayi ake akanatulukira ndi mthiko m'manja: "Iwe, mwana wamkazi mpira? Katunge madzi uko!" Masiku ano mthikowo umayamba waganiza kaye.

Temwa Chawinga anabadwa mu 1998 ku Rumphi, ndipo iye ndi mkulu wake Tabitha anayambira pa chikulunga chomwechi, chamapepala apulasitiki, makolo asakukondwa nazo. Kenako anatsikira kuno ku Blantyre kudzasewerera Blantyre Zero, m'masiku amene mpira wa atsikana unkaoneredwa ndi anthu ongodutsa ndi njira. Ndalama? Musandiseketse.

Mu 2017 anapita ku Kvarnsveden, ku Sweden kozizira kuja, ndipo mu 2020 analowera ku Wuhan, ku China. Koma chaka chimene anapenga nacho ndi 2023. Anamwetsa zigoli 63, za timu yake ndi za dziko, pamene Cristiano Ronaldo, amene anyamata a m'mavidiyo sho amalumbirira dzina lake, analekera pa 54. Chaka chomwecho ma Scorchers, timu ya dziko ya amayi, anaswa Zambia 2-1 n'kubwera nacho chikho cha COSAFA koyamba, Temwa yekha atagoletsa 9.

Ndiye mu Januwale 2024 anamutenga a Kansas City Current, ku America. Apa mpamene nkhani imandikomera. Mzinda umenewu ndi wa mpira wina uja, wovala zisoti ndi zotchinga m'mapewa, wogwetsana ngati nkhunzi, ndipo mfumu yake ndi Patrick Mahomes wa Kansas City Chiefs, amene watenga chikho cha Super Bowl katatu. Mahomes yemweyo ndi mkazi wake Brittany ali m'gulu la eni ake a Current. Tangoganizani, bwana wa madola mamiliyoni mazanamazana, koma kuti timu yake ipambane, maso ali pa miyendo ya mtsikana wa ku Rumphi! Bwalo lake nalonso si lobwereka: CPKC Stadium, la anthu 11,500, analimangira timu ya amayi yokhayo.

Temwa sanachite zaulendo. Akalandira mpira pakati pa bwalo, otchinga kumbuyo amangowerenga nambala ya kumsana kwake. Pomatha chaka anali ndi zigoli 20 mu ligi ya NWSL, kuposa 18 za Sam Kerr zimene palibe anazifikapo chiyambire 2019, ndipo timu iliyonse mwa 13 zinazo inalawako chake. Anamupatsa nsapato yagolide, n'kumusankhanso kukhala wosewera woposa onse.

Ena ankati wangochita mwayi, chaka chamawa amudziwa. Anamudziwadi: mu 2025 anatenganso mphoto zonse ziwiri.