Zinthu 8 zodabwitsa za tizipangizo towonjezera pa kamera ya rangefinder

Kamera ya rangefinder, kaya ndi Leica M, Canon P kapena Voigtländer Bessa, ili ndi khalidwe lakelake: wojambula sayang'ana kudzera mu lenzi ayi, amasuzumira pa kazenera kapadera kamene kali pakona. Thupi lake n'laling'ono, losalala, lopanda pogwira penipeni. Amalonda akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake tizipangizo toti kamerayi izikhala bwino m'manja tangoti mbwee. Tina n'tothandizadi. Koma pafupifupi kalikonse kakakupatsani ichi kamakulandani icho, ndipo ndi bwino kudziwiratu musanatulutse ndalama.

1. Chotsamira chala chachikulu chinabwera filimu itachoka. Pa makamera a filimu pali kachitsulo kamene mumakankha ndi chala chachikulu kuti filimu isunthe. Ojambula anazolowera kukasiya kotsegula pang'ono n'kukolekapo chala, ndipo kamera inkakhazikika yokha m'dzanja. Mu 2006 Leica inatulutsa M8, yoyamba ya digito pa mtundu wa M, yopanda kachitsuloko, ndipo chala chinasowa pokhala. Kampani yaing'ono ya Match Technical inapanga Thumbs Up, kachitsulo kopindika kolowetsa pamalo poika fulashi, ndipo anthu anakakonda moti Leica nayo inadzayamba kupanga kake. Mu 2018 zinafika poti M10-D inabwera ndi kachitsulo kooneka ndendende ngati kokokera filimu, chonsecho sikakoka kanthu, ntchito yake n'kutsamirapo chala basi. Ngati dzanja lanu limatopa msanga, yambani ndi kameneka. Ingokumbukirani kuti malo a fulashi atsekeka.

2. Batani lofewetsa limatha kudya batire kamera ili m'chikwama. Pakati pa batani lojambulira pali kabowo ka mazinga, kamene anakaboolera chingwe chojambulira kamera ikakhala pa tripod. Anthu amamangamo kabatani kena kotambalala, monga tija ankapanga Tom Abrahamsson wa ku Vancouver. Ubwino wake ndi woti mumadina ndi pamfundo pa chala osati kunsonga, ndiye kamera sigwedezeka kwambiri kukamachita mdima. Vuto n'loti batanilo latalika. M'chikwama limadinika lokha, chithunzi chimodzi n'kuwonongeka, ndipo pa Leica M6 mita yoyezera kuwala imayaka ngati filimu munakoka kale, batire n'kutha. Pa M6 yoyambirira, kutembenuzira gudumu la liwiro pa B kumazimitsa mitayo. Komanso timabatani timeneti timamasuka tokha n'kugwera m'njira. Kamphira kakang'ono kozungulira pansi pake kamathandiza.

3. Hood yabwino ndi yobooka. Munthu wozolowera makamera ena akaona chotchingira kuwala chokhala ndi mipata m'mbali amayesa zokongoletsa. Si choncho. Popeza kazenera kali pambali pa lenzi, hood yaikulu imaphimba kona yakumunsi kumanja ya zomwe mukuona. Mipatayo ndi yoti diso lidutsirepo. Hood ya Leica ya nambala 12585, ya malenzi a 35mm ndi 50mm, inatchuka chifukwa cha zomwezi.

4. Chivundikiro cha lenzi chikhoza kukutayitsani filimu yonse, koma kuchisiya kunyumba n'koopsa kuposa pamenepo. Mutha kujambula mwambo wonse wa chinkhoswe chivundikiro chili chitsekere, kazenera kakukuonetsani zonse bwinobwino. Ena poopa zimenezi amangochitaya. Koma makamera ambiri a mtunduwu ali ndi shutter ya nsalu yopaka mphira, ndipo pakati pa lenzi ndi nsaluyo palibe chotchinga chilichonse. Mukaisiya kamera chagada padzuwa, lenzi imasonkhanitsa kuwala monga amachitira ana potentha pepala ndi galasi, n'kuboola nsaluyo. Kuyambira pamenepo chithunzi chilichonse chimatuluka ndi kadontho koyera. Canon P ili ndi shutter ya chitsulo, ndipo Nikon SP zotuluka pambuyo pake zinali ndi ya titanium, koma Leica M za filimu ndi za nsalu. Ndi dzuwa la mu Okutobala la kwathu kuno, vundikirani, kapena lozetsani lenzi pansi poyenda.

5. Kachipangizo kofunika kwambiri si ka dzanja, ndi ka diso. Apa ndi pomwe ndimaona kuti anthu ambiri amasokoneza ndondomeko: amagula chikopa ndi lamba wokongola, maso akuvutika. Kazenera ka rangefinder kamachepetsa zinthu. Ka Leica M3 ya mu 1954 kamaonetsa pa 0.91, pafupifupi momwe diso limaonera, pomwe M6 yofala imaonetsa pa 0.72. M3 inalibe mizere ya lenzi ya 35mm, moti malenzi ake a 35mm ankabwera ndi timagalasi tiwiri tokhala kutsogolo kwa mazenera a kamera. Pa 0.72 mizere ya 28mm ili m'mphepete mwenimweni, ndipo wovala magalasi a maso saiona yonse chifukwa diso lake lili kutali ndi kazenera. Kuwonjezera apo, mkombero wachitsulo wa kazenera ka makamera akale umakanda magalasi.

Njira zilipo ziwiri, ndipo zimakokerana kosiyana. Yoyamba ndi kagalasi kowongolera maso komangirira pa kazenera, kuti muzijambula mutavula magalasi. Posankha mphamvu yake dziwani kuti kazenera ka Leica M kanatcheredwa kale pa -0.5, choncho nambala ya pa chikalata cha dokotala wa maso si imene mugule ndendende. Kuyesa kaye n'kofunika. Dziwaninso kuti mukatsitsa kamera, nkhope za anthu ndi manambala a pa lenzi mudzaziona mwa chimbuuzi, poti magalasi ali m'thumba. Yachiwiri ndi kagalasi kokulitsa ka 1.25 kapena 1.4. Mukachulukitsa 0.72 ndi 1.4 mupeza pafupifupi 1, kutanthauza kuti mutha kujambula maso onse awiri ali chitsegulire, lina likuona amene akubwera kulowa m'chithunzi. Kwa wokonda 50mm, 75mm kapena 90mm, n'chinthu chokoma zedi. Kwa wa 28mm kapena 35mm n'chopanda ntchito, chifukwa mizere yake imathawira kunja.

6. Ojambula ndi diso lamanzere ali ndi chipangizo chawo. Mukasuzumira ndi diso lamanzere, kachitsulo kokokera filimu kamakhala pankhope panu, ndipo chithunzi chilichonse chimafuna kuti muchotse kamera kumaso. Leicavit, imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, imalowa m'malo mwa chitseko cha pansi ndipo ili ndi kachitsulo kokoka ndi dzanja lamanzere. Canon VT ya mu 1956 inabadwa nako kale kachitsulo kotere. Rapidwinder ya Abrahamsson uja imagwira ntchito yomweyo.

7. Chikopa chovekera kamera chimakuchedwetsani pamene mwafulumira. Leica M ya filimu imatsegulidwa chapansi: mumachotsa chitseko chonse kuti muikemo filimu. Mwambo umenewu unapitirira mpaka pa M8, M9 ndi M10, pomwe batire ndi khadi zili kuseri kwa chitseko chomwecho, ndipo unatha ndi M11 mu 2022. Ndiye chikopa chija, ngakhale chimagwirika bwino ndi kuteteza m'makona, muyenera kuchivula nthawi iliyonse pokhapokha chikhale ndi kachitseko kake. Chikopa chimasunganso chinyontho. Nyengo ya dzinja, makamaka kunyanja monga ku Nkhata Bay kapena Mangochi, kamera yosungidwa m'chikopa imachita nguwi mkati mwa lenzi. Posunga ivuleni, muiike pouma podutsa mphepo.

8. Mtundu wa kamera umamveka pakhosi. Leica M11 yakuda ili ndi denga la aluminiyamu ndipo imalemera magalamu 530 pamodzi ndi batire, pomwe yasiliva, ya denga la mkuwa, imafika 640. Magalamu 110 amenewo pa lamba wopyapyala, tsiku lathunthu, khosi limawadziwa. Lamba wotambalala pang'ono, wautali woti n'kupachika mopingasa paphewa, amaposa wa chikopa cholimba amene amangokongola. Ngakhale momwe kamera imalendewera ndi nkhani imene anthu anakanganirana: Leica M5 ya mu 1971 inali ndi tizingwinjiri tiwiri ta lamba mbali imodzi, kuti izilendewera choimirira, ndipo ogula atadandaula kampaniyo inawonjezera kachitatu mbali inayo. Lamba aliyense amene musankhe, onetsetsani kuti ali ndi tizikopa totchinga pansi pa mphete zake, chifukwa mphete zachitsulo zimapala utoto m'mbali mwa kamera.