Roketi ya Pioneer ndi Malonda a Mwezi m'Nthano ya Robert Heinlein

Anthu khumi ndi awiri anaponda pa mwezi pakati pa chaka cha 1969 ndi 1972, ndipo onsewo anatumidwa ndi boma la America pa ndalama za misonkho. Koma zaka pafupifupi makumi awiri izi zisanachitike, mlembi wina wa ku America komweko, Robert A. Heinlein, anali atasimba kale za ulendo woyamba wa ku mwezi mwa njira ina. M'nthano yake, wotumiza munthu ku mwezi si boma ayi, koma kampani ya anthu a bizinesi. Nthanoyi ndi The Man Who Sold the Moon, kutanthauza munthu amene anagulitsa mwezi. Inalembedwa m'chaka cha 1949 ndipo inasindikizidwa mu 1950. M'nkhani ino ndifotokoza za roketi ya m'nthanoyi, momwe ndalama zoipangira zinapezekera, komanso funso limene mlembiyu anadzutsa lomwe mpaka lero likuvutitsabe akatswiri a malamulo: kodi mwezi mwini wake ndani?

Mtengambali wamkulu ndi Delos D. Harriman, mkulu wolemera amene wakhala akulakalaka kupita ku mwezi chiyambire ali mwana. Iye ali ndi mnzake wochita naye bizinesi, George Strong, munthu wosamala ndalama amene sakhulupirira kwenikweni za ulendowu koma amamutsatirabe chifukwa cha ubwenzi. Palinso Daniel Dixon, mponda matiki amene akuikamo ndalama zake ali ndi cholinga chodzalanda zonse pa mapeto. Wopanga roketi ndi Bob Coster, ndipo woiyendetsa ndi Leslie LeCroix. Roketiyo dzina lake ndi Pioneer.

Vuto loyamba la Harriman ndi mafuta. Iye ankadalira mphamvu ya nyukiliya, koma malo amene ankapangirako mafuta oterowo m'mlengalenga aphulika. Motero Coster ayenera kugwiritsa ntchito mafuta oyaka wamba, ndipo apa m'pamene sayansi yeniyeni ikulowerera m'nthano. Kuti chinthu chithawiretu mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, chiyenera kuthamanga makilomita pafupifupi 11 pa sekondi imodzi. Liwiro lotere limafuna mafuta ochuluka zedi. Tsono mafutawo nawonso ndi katundu wolemera, ndipo kuti anyamulidwe pafunika mafuta ena. Zili ngati munthu wa pa ulendo wautali amene kamba wake wachuluka mpaka akufunika kamba winanso woti adye kuti apeze mphamvu zosenzera woyambayo. Njira yothetsera vutoli ndi kumanga roketi m'magawo osanjikiza. Gawo la pansi likatha mafuta limathothoka n'kugwa, lotsatira n'kuyaka, kotero kuti roketi imanka ipepukirapepukira. Umu ndi momwe Pioneer inamangidwira, ndiponso ndi momwe inamangidwira Saturn V, roketi yeniyeni ya magawo atatu imene inanyamula Neil Armstrong ndi anzake awiri mu Julayi 1969. Saturn V inali yotalika mamita 110 ndipo ikadzazidwa inkalemera matani pafupifupi 3,000, koma gawo lalikulu la kulemerako linali mafuta.

Masamu amenewa ndi amene akupweteka Harriman. Roketi imene ankafuna kuti inyamule anthu angapo, iye mwini ali momwemo, ikuchepetsedwa mpaka malo atsala a munthu mmodzi basi. LeCroix akupita yekha, akutera pa mwezi, n'kubwerako wamoyo. Mwini maloto watsala pansi akuyang'ana kumwamba.

Komabe owerenga amene akufuna kumva za ulendo weniweniwo angathe kukhumudwa, pakuti Heinlein sakutikweza m'roketimo. Gawo lalikulu la nthano likuchitikira m'maofesi, m'misonkhano ya eni kampani ndi pamaso pa maloya. Kwa ine, apa m'pamene pagona kukoma kwa nthanoyi, chifukwa ikuonetsa kuti chimene chinanyamula Pioneer si mafuta okha komanso pakamwa pa Harriman. Iye alibe chilichonse chogwirika choti agulitse, choncho akugulitsa mawu. Akupita kwa mkulu wa kampani ya zakumwa zoziziritsa kukhosi ya Moka-Coka n'kumunong'oneza kuti kampani yopikisana nayo, ya 6+, ikufuna kuwaza fumbi lakuda pa mwezi kuti chizindikiro chake chizioneka kwa aliyense pa dziko lapansi. Mkuluyo akulipira ndalama zambiri, osati kuti alengeze malonda ake, koma kuti mwezi usalembedwe kanthu. Kwa munthu wina woopa chikomyunizimu, Harriman akusintha nyimbo: akuti dziko la Soviet Union likayamba kufikako lidzajambulapo chizindikiro chake cha hamala ndi chikwakwa. Ana a sukulu nawonso akusonkhetsedwa timakobiri tawo. Munthu aliyense akuuzidwa chimene mtima wake ukuopa kapena kusirira.

Palinso chinyengo chenicheni. Kampani yagulitsiratu maenvulopu a masitampa polonjeza kuti adzadindidwa pa mwezi, koma chifukwa cha kulemera kwake maenvulopuwo akutsala pansi, ogula osadziwa. Harriman akukonzanso zoti miyala ya dayamondi ikwere nawo m'roketi kuti anthu aganize kuti yachokera ku mwezi. Chodabwitsa n'chakuti LeCroix akubwerako ndi dayamondi weniweni amene wamutola kumeneko. Pamenepa ndikuona kuti mlembi wamukondera mtengambali wake, pakuti bodza lasanduka choona popanda wabodzayo kulipira kanthu. Za maenvulopuzo zinadzachitikadi mwa mtundu wina. Mu 1971 amene anapita ku mwezi pa ulendo wa Apollo 15 ananyamula maenvulopu pafupifupi 400 popanda chilolezo, ndipo 100 mwa iwo anagulitsidwa ndi wamalonda wa ku Germany. Nkhaniyi itaululika, atatuwo sanapitenso m'mlengalenga.

Nzeru yaikulu ya Harriman ili pa malamulo, ndipo ndi imene ikufunika kuifotokoza bwino. M'malamulo akale a ku England munali mfundo yakuti mwini malo ndi mwininso wa zonse za pansi pa malowo ndi za pamwamba pake mpaka kumwamba. Harriman akuti ngati zili choncho, mwezi ndi wa mayiko amene umadutsa pamwamba pawo penipeni. Mwezi sudutsa pa liwombo pa dziko lililonse ayi. Umatero m'mayiko okhawo amene ali pakati pa madigiri pafupifupi 28 kumpoto ndi 28 kumwera kwa ikweta. Ambiri mwa mayikowa ndi osauka, choncho iye akutumiza nthumwi zake kukagula ufulu wawo pa mwezi mwakachetechete ndiponso motchipa. Kenako akuutsa mkangano wa umwini pakati pa mayiko, ndipo bungwe la United Nations, pofuna mtendere, likupereka mwezi m'manja mwa bungwe losapanga phindu, limene kuseri likulamulidwa ndi Harriman yemweyo. Dziko la Malawi lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera kwa ikweta, ndiye kuti potsata mfundo ya Harriman ifenso tikanakhala ndi kachigawo kathu koti tigulitse, ngakhale kuti mu 1949 wosayina akanakhala bwanamkubwa wa Nyasaland.

Munthu amene anaphunzira mbiri ya chigawo chino cha Africa sangawerenge ndimezi osakumbukira Cecil Rhodes. Mu 1888 nthumwi zake zinasayinitsa mfumu Lobengula ya Amandebele chikalata chopereka ufulu wokumba miyala ya mtengo wapatali, ndipo chaka chotsatira kampani yake ya British South Africa Company inalandira chilolezo kuchokera ku London. Njira yake ndi imodzimodzi: kampani imayamba yapeza pepala losayinidwa, mfuti kapena roketi zimabwera pambuyo. Mayina a m'nthanoyi nawonso akuloza komweko. Liwu lakuti Pioneer m'Chingelezi cha ku America limanena za azungu amene ankapita kumadzulo kwa dzikolo kukatenga malo amene ankati alibe eni, ndipo gulu limene Rhodes anatumiza ku Mashonaland mu 1890 linkatchedwanso Pioneer Column. Wowerenga wa ku America wa mu 1950 ankamva ulemerero m'dzinali. Ife timamvamo zinanso. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mwezi palibe Lobengula woti anamizidwe, ndipo n'chifukwa chake Heinlein akutha kutiseketsa ndi ukathyali wa Harriman popanda kutionetsa wolira.

Mfundo ya umwini wofika kumwambayo inali itagwa kale pamene nthanoyi inkalembedwa. Mu 1946 khoti lalikulu la ku America linaweruza mlandu wa Causby, mlimi wa nkhuku wa ku North Carolina amene nkhuku zake zinkafa ndi mantha chifukwa cha ndege za nkhondo zouluka m'munsi. Khotilo linavomera kuti mlimiyo walakwiridwa, koma linanenanso kuti mfundo yakaleyo singagwire ntchito m'nthawi ya ndege. Mu 1967 mayiko anasayina pangano la Outer Space Treaty, limene limaletsa dziko lililonse kutenga mwezi kapena malo ena a m'mlengalenga kukhala ake. Ngakhale zinali choncho, maganizo onga a Harriman anatulukiranso mu 1976, pamene mayiko a pa ikweta monga Colombia, Ecuador, Indonesia, Kenya, Uganda ndi Zaire anasonkhana ku Bogotá n'kulengeza kuti njira ya masetilaiti imene ili pamwamba pa mayiko awo ndi chuma chawo. Mayiko olemera sanawamvere.

Nanga za kampani kutumiza anthu m'mlengalenga? Heinlein anaphonya pa za amene adzayambe, pakuti Yuri Gagarin mu 1961 ndi Armstrong mu 1969 onse anali antchito a boma. Makampani anafika mochedwa. Pa 21 Juni 2004 chombo cha SpaceShipOne, chopangidwa ndi kampani ya Burt Rutan pa ndalama za Paul Allen, chinakwera kupitirira makilomita 100 chikuyendetsedwa ndi Mike Melvill, mbadwa ya ku Johannesburg. Ulendowu unali wongokwera n'kutsika, pamene mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Mu Meyi 2020 kampani ya SpaceX inanyamula Doug Hurley ndi Bob Behnken kupita nawo ku International Space Station, koma wolipira anali NASA, bungwe la boma. Mu Febuluwale 2024 chombo cha kampani ya Intuitive Machines chinatera pa mwezi chopanda munthu. Pamene Heinlein analasa ndi pa malonda ndi malamulo. Mu 2000 chizindikiro cha Pizza Hut chinamatidwa pa roketi ya Russia, ndipo mu 2015 dziko la America linakhazikitsa lamulo lolola nzika zake kukhala eni a zimene zakumba m'mlengalenga. Otsutsa lamuloli amafunsa kuti munthu angakhale bwanji mwini wa zokolola m'munda umene pangano la 1967 likuti ulibe mwini. Oliikira kumbuyo amayankha kuti msodzi sakhala mwini nyanja koma nsomba zimene wagwira ndi zake.

Pa mapeto a nthano, chombo chachiwiri, chachikulu, chakonzeka kunyamula anthu okayambitsa mudzi pa mwezi, ndipo Harriman akuganiza kuti tsopano nthawi yake yakwana. Dixon akumuletsa. Kampani yonse yamangidwa pa malonjezo a munthu mmodzi, ndipo iye atafera m'njira, onse amene anaikamo ndalama angataye chuma chawo. Pakamwa pomwe panamanga Pioneer ndi pamene pamumangirira pansi. Chombo chikunyamuka iye akuonerera, ndipo mmodzi wa anzake akumufanizira ndi Mose amene anaona dziko lolonjezedwa koma osalowamo. Owerenga a Heinlein a nthawi imeneyo ankadziwa kale zotsatira zake, chifukwa nthano yaifupi ya Requiem, yosimba za imfa ya Harriman, inatuluka mu 1940, zaka khumi m'mbuyo mwake. M'menemo iye ndi nkhalamba ya mtima wofooka imene malamulo a zaumoyo akuiletsa kukwera roketi za kampani yake yomwe. Akulemba ganyu amuna awiri amene ankakweza anthu m'roketi yakutha pa chionetsero cha kumudzi, ndipo iwo akumuzembetsa mpaka ku mwezi, kumene akumwalira atangokhala pansi pa dothi lake.